Mapiri Sakumana

Akuluakulu amati mapiri sakumana, koma anthu amakumana. Mawuwa amanenedwa potonthozana pamene anthu akulekana, ndipo amanenedwanso pochenjeza munthu amene wazunza mlendo poganiza kuti nkhope yakeyo sadzaionanso. Ine mwambiwu ndimaukonda pa chifukwa chinanso: m'kati mwake muli masamu, masamu omwewo amene ophunzira ambiri akangowaona m'buku mtima umayamba kugunda. Phiri lili ndi malo basi. Ukafunsa kuti lili kuti, yankho la lero ndi la zaka zikubwerazi n'limodzimodzi. Za munthu n'zina. Funso loti ali kuti siliyankhika mpaka utanena nthawi imene ukufunsa, chifukwa amene anali kuchitsime m'mamawa, dzuwa likafika paliwombo ali kumunda, madzulo ali pamaliro kumudzi wina.

Kanakantapa, m'dera la Chongwe kum'mawa kwa Lusaka, ndi malo amene anayambira papepala. Mu 1988 boma la Kenneth Kaunda linatsegula malowa, m'dziko la Asoli, kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apeze minda, ndipo pambuyo pake dziko la Japan linathandizapo pa chitukuko chake. Oyeza malo anadula minda, analemba misewu ndi malire, midzi n'kupatsidwa zilembo. Mapu otere amadziwa bwino zinthu zosasuntha. Angakuuzeni pamene munda wakuti wathera ndi pamene msewu wawolokera mtsinje. Sangakuuzeni tsiku limene banja lakuti linafika ndi katundu pamutu, mwezi umene njira ya kudambo imadzaza anthu, kapena ola limene ana a sukulu amapezana ndi ng'ombe zochokera kubusa. Moyo wonse wa pamalopo uli m'zinthu zimene mapuwo sanena.

Kusukulu timayamba ndi nzeru ya mapu yomweyi. René Descartes, m'zolemba zake za 1637, anaonetsa mmene mizere ingalembedwere ndi manambala, ndipo kuchokera pamenepo panakula chizolowezi chotchula malo ndi manambala awiri: x, mtunda wolowera kum'mawa, ndi y, mtunda wolowera kumpoto. Mwana wa kusekondale amapatsidwa y = 2x + 1 kapena y = x², amasankha x, amapeza y, amaika kadontho, kenako amalumikiza timadonthoto. Ndi luso labwino ndipo palibe angalinyoze. Koma lili ndi pothera. Pa x aliyense pamaloledwa y mmodzi yekha, choncho mzerewo sungabwerere m'mbuyo, sungadzidutse wokha, sungazungulire. Kukhotakhota kwa mtsinje wa Kanakantapa potsikira ku Chongwe sikulembeka motero, ngakhalenso njira ya mayi wopalira amene amapita ndi mzere uwu n'kubwerera ndi winawo. Vuto lalikulu kuposa apa n'lakuti chithunzicho chikatha sichinena kumene woyendayo anayambira, kumene analowera, pamene anathamanga ndi pamene anaima.

Akatswiri a masamu anatulukira pakhomo lapafupi kwambiri. Anasiya kufunsa y kwa x. Onse awiri, x ndi y, anayamba kuwafunsa kwa wachitatu, amene nthawi zambiri amalembedwa t, ndipo kawirikawiri t ameneyu ndi nthawi. Mabuku amazitcha parametric equations. Wophunzira amalemba mizati itatu m'kope: wa t, wa x ndi wa y. Amasankha nthawi, amawerengera pamene woyendayo wafika kum'mawa, amawerengeranso pamene wafika kumpoto, amaika kadontho, ndipo pambali pake amalemba nthawiyo. Akalumikiza timadontho amatsata dongosolo la t, n'kuika timivi toonetsa kolowera. Papepalapo pamatsala ulendo wathunthu.

Tiyese ndi anthu awiri. Geti la sukulu likhale poyambira kuyeza, mtunda ukhale m'makilomita, t akhale maola kuyambira 7 koloko m'mawa. Mayi wina, atasenza thumba la ufa, akuyenda wapansi kulowera kum'mawa pa msewu umene uli makilomita 2 kumpoto kwa sukulu, ndipo pa ola amayenda makilomita 4. Ulendo wawo ndi x = 4t, y = 2. Mwana wawo wamwamuna ali panjinga pa msewu wina, umene uli makilomita 3 kum'mawa kwa sukulu, akulowera kumpoto, makilomita 12 pa ola. Wake ndi x = 3, y = 12t. Mukajambula njira ziwirizi zikudutsana pa (3, 2), ndipo woona chithunzi chokha anganene mosakayika kuti mayi ndi mwana akumana pamphambano. Funsani t. Mnyamatayo afika pamene 12t = 2, ndiye kuti patatha mphindi 10. Mayi ake afika pamene 4t = 3, patatha mphindi 45. Pamphambanopo mayi adzangopeza chidindo cha matayala m'fumbi, mwiniwake atadutsa kalekale, mphindi 35 zapitazo.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amagwa, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa diso limakhulupirira chimene laona. Kudutsana kwa njira ndi funso lina, kukumana kwa anthu ndi funso linanso. Loyambalo limalola kuti aliyense afike pa nthawi yake. Lachiwirilo limafuna t mmodzi kwa onse awiri. Ndege zimene zimatera ndi kunyamuka pa bwalo la Kenneth Kaunda International Airport, limene lili m'dera lomweli la Chongwe, zimadutsa m'njira zopingasana tsiku lililonse, ndipo ntchito ya owongolera ndege ndi kuonetsetsa kuti funso lachiwirilo lisapeze yankho.

Nanga mwambi uja wanama? Sunaname, koma masamu akuuwonjezera mawu amene akuluakulu ankawadziwa ngakhale sanawatchule. Anthu amakumana chifukwa wina angathe kudikira. Mnyamata uja akatsika panjinga pamphambano n'kukhala pansi pa mtengo, kwa mphindi 35 ulendo wake umalembedwa x = 3, y = 2, popanda t paliponse. Wavomera kukhala phiri kwa kanthawi kuti mayi ake amupeze. Kapena angachedwe kunyamuka, ndipo pamenepo m'malo mwa t timalemba t kuchotsapo mphindi zimene wachedwazo. Njira yake siisintha ngakhale pang'ono papepala. Chasintha ndi nthawi yokha, ndipo n'chokwanira kuti thumba la ufa lichoke pamutu pa mayi likwere pakaliyala.

Nthawi ikachotsedwa, zambiri zimatayika, ndipo bwalo lozungulira likuonetsa zimenezi poyera. Lembani x = cos t, y = sin t. Kadontho kayambira kum'mawa, kakwera kumpoto, katsikira kumadzulo, kabwerera kudzera kum'mwera. Lembani x = cos 2t, y = sin 2t: bwalo ndi lomwelo, koma kadontho kazungulira kawiri pa nthawi imene koyamba kaja kazungulira kamodzi. Lembani x = cos t, y = −sin t: bwalo lomwelonso, koma ulendo walowera kwina. Maulendo atatu osiyanawa, mukachotsa t, onse amasanduka x² + y² = 1. Kuchotsa t ndi luso lofunika, chifukwa kumathandiza munthu kuzindikira kuti chimene wajambula ndi bwalo kapena mzere wowongoka. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'makalasi ambiri luso limeneli limaphunzitsidwa ngati ndilo cholinga chonse. Mwana amapatsidwa ulendo, n'kuuzidwa kuti afulumire kuupha kuti atsale ndi mapu. Amakhoza mayeso, koma sanamvepo kuti manambala angathe kusunga liwiro, kolowera ndi kuima. Aphunzitsi amene akusulidwa pa Chalimbana University, pafupi pomwepa, ndikanakonda atamachedwa pang'ono pa mizati itatu ija asanathamangire kuchotsa t.

Chida chophunzitsira mutuwu chili kale pakhomo lililonse. Njinga ndiyo imanyamula moyo wa dera lino: matumba a makala opita ku Lusaka pa Great East Road, mabokosi a tomato, zigubu za madzi, odwala opita kuchipatala. Tengani choko, muike chizindikiro choyera m'mphepete mwenimweni mwa tayala, wina akankhe njingayo pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, wina azilemba pakhomapo pamene chizindikirocho chafika. Anthu ambiri mukawafunsa zisanachitike amayankha kuti patuluka mabwalo olumikizana. Patuluka zina: mizere yokwera n'kutsika ngati mauta ovundikira, wina kutsatana ndi mnzake, ndipo pakati pa uta ndi uta pali kansonga kogunda pansi. Dzina lake ndi cycloid. Ngati r ndi mtunda wochokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete, ndipo t ndi mmene gudumulo lazungulirira, ndiye kuti x = r(t − sin t), y = r(1 − cos t). Kulemba mzere umenewu mwa njira ya y ndi x okha n'kovuta kwambiri. Ndi t, mizere iwiri yaifupi yakwana.

Ikanimo manambala. Gudumu la njinga yaikulu lili ndi r wa masentimita pafupifupi 35. Poyamba chizindikiro chili pansi, pa (0, 0). Gudumu likazungulira gawo limodzi la magawo anayi, chizindikiro chakwera masentimita 35 koma chapita patsogolo masentimita 20 okha. Likafika theka, chili pamwamba, masentimita 70, ndipo patsogolo chafika pa 110. Pa magawo atatu chatsikira pa 35, patsogolo chili pa 200. Likamaliza chagundanso pansi pa 220. Taonani kusiyana kwake. M'gawo loyamba chinayenda 20 kupita patsogolo, m'gawo lachiwiri 90, chonsecho wopalasa sanasinthe liwiro. Pamwamba penipeni chizindikirocho chimathamanga kuwirikiza kawiri liwiro la njinga. Pansi, pa kansonga kaja, chimaima ndithu kwa kamphindi. Njinga ili pa liwiro lotsetsereka, koma kachigawo ka tayala kamene kakhudza nthaka sikakuyenda, ndipo n'chifukwa chake tayala limasiya chidindo chooneka bwino m'fumbi. Likanakhala likukhuluzika, chidindocho chikanafufutika. Ndikaganiza zimenezi ndimachita nazo chidwi nthawi zonse, kuti m'chinthu chothamanga muli malo amene aima, ndipo malowo ndi amene agwira dziko kuti ulendo utheke.

Mzere umenewu unasowetsa tulo anthu otchuka. Galileo, amene anaupatsa dzina, anafuna kudziwa kukula kwa malo amene ali pansi pa uta umodzi. Anadula zidutswa za mawonekedwe amenewo n'kuziyeza pasikelo, ndipo anapeza kuti malowo ali pafupi kuwirikiza katatu malo a gudumu. Gilles de Roberval anatsimikiza mu 1634 kuti ndi katatu ndendende. Mu 1658 Christopher Wren, yemwe pambuyo pake anamanga tchalitchi cha St Paul's ku London, anaonetsa kuti kutalika kwa uta umodzi ndi 8r. Kwa njinga yathu ija ndiye kuti njinga ikayenda mamita 2.2, chizindikiro cha choko chayenda mamita 2.8. Chaka chotsatira Christiaan Huygens, pofunafuna wotchi yosanama, anapeza kuti ukagadamitsa utawo n'kuikamo kanthu kotsetsereka, kamafika pansi pa nthawi yofanana kaya kayambira pamwamba kaya chapakati. Ndipo mu 1696 Johann Bernoulli anafunsa akatswiri a nthawi yake kuti, kanthu kotsetsereka kuchoka pamalo okwera kupita pamalo otsika amene ali chapatsogolo, kadzere njira iti kuti kafike msanga. Nzeru yapafupi imati mzere wowongoka, poti ndiwo waufupi. Yankho, limene Isaac Newton ndi ena ochepa analipeza, ndi uta wogadama womwewo. Umayamba ndi kutsika kwambiri, kanthuko n'kutenga liwiro msanga, ndipo kamapambana kanzake kamene katsata njira yachidule. Kufupika kwa njira kumayezedwa ndi x ndi y. Kufika msanga kumafuna t.

Tisaganize kuti nzeru yojambula mzere motsata nthawi inabwera ndi sitima zapamadzi. Kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi kum'mawa kwa Angola, pakati pa Achokwe ndi Aluchazi, amuna ankakhala pabwalo n'kusalaza mchenga ndi dzanja. Katswiri ankayamba ndi kudinda timadontho m'mizere ndi nsonga za zala, kenako ankayendetsa chala mozungulira timadonthoto, kawirikawiri osachinyamula mpaka chitabwerera pamene chinayambira, uku akusimba nthano kapena mwambi. Zojambulazi Achokwe amazitcha sona, Aluchazi tusona. Gerhard Kubik anazifufuza pakati pa Aluchazi ku Kabompo, ndipo Paulus Gerdes, katswiri wa masamu wa ku Mozambique amene anamwalira mu 2014, anathera zaka zambiri akuonetsa malamulo a masamu amene ali m'kati mwake. Mu 2023 bungwe la UNESCO linalemba sona za ku Angola pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mzere wa sona umadzidutsa wokha kambirimbiri, choncho sungalembedwe ngati y wochokera kwa x. Ndipo wofika mochedwa, n'kupeza chithunzi chitatha pamchenga, waphonya chinthu chenichenicho, chifukwa mawu a nthano ankayendera limodzi ndi chala: apa nyama inalowa, apa inabwerera, apa inakodwa. Timadontho tinali mapu, chala ndi liwu zinali nthawi. Mwana wa kuno akamaphunzira parametric equations ayenera kuuzidwa zimenezi, adziwe kuti akulowa m'nyumba imene anthu a dziko lake anamangako khoma.

Tsopano kumunda, kumene nkhaniyi imafika pamimba. x ndi y sayenera kukhala mtunda nthawi zonse. Tiyeni x akhale madzi amene nthaka ingapereke kwa chimanga pa sabata, y akhale madzi amene chimangacho chikufuna pa sabatayo, t akhale masabata kuchokera tsiku lobzala. Sabata iliyonse ikupereka kadontho kamodzi. Jambulaninso mzere wopendekeka wa y = x, pamene chofunika ndi chopezeka zalingana. Kadontho kakakhala kunsi kwa mzerewo, mbewu ikumwa mokwanira. Kakakwera pamwamba pake, mbewu ili ndi ludzu. Chimanga chikadali chaching'ono sichifuna madzi ambiri, ndipo y amakhala wotsika. Chikamamasula ndi kutulutsa ndevu, patatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono malinga ndi mtundu wa mbewu, y amafika pachimake, ndipo ludzu la masabata amenewo silibwezeka ngakhale mvula itadzagwa yochuluka bwanji pambuyo pake.

Alimi a Chongwe sakufunika kuwafotokozera zimenezi, anaziona ndi maso mu 2024. Amene anabzala mu Disembala 2023 chimanga chawo chinafika pomasula mu Febuluwale, ndipo m'pamene kumwamba kunauma kwa masabata otsatizana chifukwa cha El Niño. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Ananena kuti maboma 84 mwa 116 akhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, awonongeka. Mvula inagwako nyengo imeneyo, mbewu inamera, minda inabiriwira. Madzi ndi ludzu la chimanga zinadutsa m'munda umodzi pa nthawi zosiyana. Chiwerengero cha mvula ya chaka chonse ndi nambala imodzi yopanda t, ndipo zaka ziwiri zingathe kukhala ndi nambala yofanana, china n'kudzaza nkhokwe, china n'kusiya mapesi okhaokha.

Asoli amadziwa kulemera kwa nthawi imeneyi. Mwambo wawo wa Chakwela Makumbi, umene amatsogolera a Senior Chieftainess Nkomeshya Mukamambo II, umachitika dzinja lisanayambe, pamene anthu amapempha mvula ndipo mfumu imatsegulira nyengo yobzala. Mvula payokha mlimi sangailamule. Chimene chili m'manja mwake ndi mbali inayo: tsiku lobzala, limene limasuntha t yense, mtundu wa mbewu, yocha msanga kapena yochedwa, umene umasintha sabata imene y afike pachimake, mapesi ophimbira nthaka ndi maenje osunga chinyezi, zimene zimachedwetsa kutsika kwa x mvula ikadula. Kubzala munda m'magawo awiri pa masiku osiyana ndi kujambula maulendo awiri, kuti wina ukaphonyana ndi mvula winawo upezane nayo.

Sukulu iliyonse ya ku Kanakantapa ingathe kuyamba ndi mbali yapafupi. Chitini chowongoka m'mbali choikidwa pamtetete, rula, ndi kope limodzi n'zokwanira kuyeza mvula m'mawa uliwonse. Ophunzira akalemba mamilimita a sabata iliyonse kuyambira Novembala mpaka Epulo, n'kulemba pambali pake msinkhu wa chimanga cha m'munda wa sukulu, tsiku limene chamera, limene chafika m'mawondo, limene chamasula, limene chakhwima, adzakhala ndi mizati itatu ya t, x ndi y yochokera m'nthaka yawoyawo. Alangizi a zaulimi angawathandize ndi manambala a madzi amene chimanga chimafuna pa msinkhu uliwonse. Zaka zitatu kapena zinayi za makope otere, zojambulidwa papepala limodzi ndi inki zosiyana, zingaonetse makolo pamsonkhano wa sukulu masabata amene kadontho kamakonda kuwolokera pamwamba pa mzere, ndi mbewu imene imakhala itamasula kale masabatawo asanafike.